Tsiku limene matenda athu analowa pa gulupu ya WhatsApp

Ndimadwala shuga, mayi anga amadwala BP. Timakhala ku Chinamwali, ndipo kwa zaka ndithu takhala tikupita pa kachipatala kena kolipira m'tauni muno mwa Zomba. Dzina lake sinditchula. Anthu ake ndi aulemu, mankhwala amapezeka nthawi zambiri, ndipo munthu sutaya tsiku lonse uli pa benchi kudikira. Zimene zinatichitikira pamenepo sizinachokere pa nkhanza za wina aliyense, n'chifukwa chake ndikuona kuti zingachitike pa chipatala china chilichonse, mwinanso chimene inu mumapitako.

Achipatalawo anatsegula gulupu ya WhatsApp ya ife a matenda amgonagona, kuti azitikumbutsa tsiku la kiliniki ndi kutiuza mankhwala akafika kapena adokotala akachokapo. Tinaikonda kwabasi. Kale unkalipira kabaza kuchokera kunyumba, n'kukapeza kuti metformin, mankhwala a shuga aja, watha, ubwerenso Lachinayi. Tsopano uthenga unkatipeza tili pakhomo. Panalibe amene anaima n'kufunsa kuti kodi kungopezeka mu gulupu imeneyo sikuulula kale kuti ukudwala. Aliyense ankaona nambala ya mnzake ndi chithunzi chake cha pa foni. Ena tinkadziwana kutchalitchi, ena kumsika, koma poti matenda a munthu sankatchulidwa, tinkangoti tonse ndife a shuga ndi BP basi.

Madzulo ena m'nyengo yozizira, magetsi atazima, ndili pafupi ndi mbaula, mu gulupu muja munalowa failo. Dzina lake linali mwezi ndi chaka chabe. Ndinaganiza kuti ndi masiku a kiliniki, ndiye ndinaitsegula. Zilembo zinali ting'onoting'ono, ndinachita kukulitsa ndi zala ziwiri. Kumanzere kunali mayina, lako ndi la bambo ako. Kenako zaka, kenako dera lomwe umakhala, mpaka cholondolera pakhomo: kuseri kwa chigayo, pafupi ndi mjigo, nyumba ya geti yobiriwira. Ukakokera chala kumanzere kunkabwera nambala ya foni, nambala ya chitupa cha unzika, matenda, mankhwala amene ukumwa, ngongole imene uli nayo pachipatalapo, ndipo kumapeto kwenikweni dzina ndi nambala ya wachibale woti aimbiridwe zinthu zikavuta. Sanali a gulupu yathu okha. Anali onse amene anabwera pachipatalapo mwezi umenewo.

Ndinadzipeza: shuga, metformin, ngongole K12,000. Chimene chinayamba kundipsetsa mtima ndi ngongoleyo, poti shuga yangayi ngakhale ana a pamsika amaidziwa, amandiseka ndikamakana thobwa lotsekemera. Koma maso saima pa mzere umodzi. Pamwamba pa dzina langa panali bambo wina wodziwika wa kudera kwathu, matenda opatsirana pogonana. Pansi pang'ono mtsikana wa sukulu, za mimba. Kenako mayi amene timaimba nawo ku Mvano, ma ARV.

Patapita mphindi zochepa failo ija inafufutidwa, n'kubwera uthenga woti, "Pepani makolo, ndalakwitsa gulupu." Mu gulupumo munati zii. Palibe anayankha, ngakhale aja amakonda kuponya "Amen" pa chilichonse. Chetechete ameneyo ndi amene anandiuza kuti ambiri tinali titaiona kale.

Pano ndiime kaye, chifukwa ambiri timaganiza kuti kufufuta kwa aliyense kumathetsa nkhani. WhatsApp imachotsadi uthengawo mu gulupu, koma ngati wina anautumiza kale kwa mnzake, kapena anajambula sikirinishoti, kapena anasunga failoyo pena m'foni mwake, kumeneko dzanja la adimini silifikako. Ndipo pasanathe sabata, mnzanga wogulitsa naye zitenje, amene sanapondepo pachipatalapo, anandinong'oneza kuti waona "ndandanda wa odwala" pa foni ya mlamu wake.

Zomba ndi tauni yaing'ono. Unali likulu la dziko mpaka 1975, koma ukayenda kuchokera ku Chinamwali kudutsa pa depoti mpaka ku Mpondabwino, sungalephere kupatsa moni anthu khumi owadziwa. Msilikali wa ku Cobbe Barracks ndi mlamu wa mphunzitsi wa mwana wako, mphunzitsiyo amachita lendi kwa namwino, namwinoyo mumasonkha naye banki m'khonde. M'malo otere, dzina ndi dera zokha n'zokwanira kuti munthu adziwike.

Mayi a ku Mvano aja andilola kuti ndinene zawo, bola ndisinthe zowazindikiritsa, ndipo ndasintha. Lamulungu lotsatira sanabwere kutchalitchi. Linzakelo sanabwerenso. Ine ndinali ndi katundu amene sindinamupemphe. Ndikapita kukawaona, adziwa kuti ndinawerenga. Ndikapanda kupita, aziti ndikuwasala. Tinakumana mwangozi pa malo ogulitsira nsomba za ku Chilwa, ndipo anayamba okha.

"Amayi, inunso munaiona?"

"Ndinaiona, amayi. Nanenso ndilimo."

"Inu ndi shuga. Shuga amakupepesa nayo anthu." Anakhala kaye chete akusankha matemba. "Ana anga sindinawauze. Apongozi sindinawauze. Zaka zonsezi ndimamwa bwinobwino, ndimalipira kumeneko dala kuti ndisaonedwe pa mzere. Lero wondiuza kuti pepani ndi mkazi wa landilodi."

Ndinalibe choyankha. Chimene chinandiopsa n'choti tsiku lawo lokatenga mankhwala linali litadutsa, ndipo sanapite. Anati miyendo ikukana kulowa pa geti ija. Anthu akamakamba za kutayika kwa zinsinsi za odwala amathamangira kunena za manyazi, koma choopsa chenicheni ndi ichi: munthu amasiya mankhwala. Ndipo ma ARV ukamadumphadumpha, kachilombo kamachulukanso m'magazi, mwinanso kuyamba kusamva mankhwalawo.

Kwathu vuto linalowera khomo lina. Pa mzere wanga wachibale wolembedwa anali achimwene anga a ku Lilongwe. Tsiku lina m'mawa analandira foni. Woimbayo anali wodekha, Chichewa chake cha munthu wophunzira. Anatchula dzina langa lonse, anati ndi dokotala ku Zomba, ndipo achemwali anu a ku Chinamwali aja akomoka pamsika, shuga yavuta, metformin amene amamwa uja sakugwiranso. Pakufunika jakisoni wogula ku famase mwamsanga, K95,000, mutumize pa nambala iyi. Anawonjeza kuti musavutike kuwaimbira, foni yawo asunga anamwino.

Achimwenewo si munthu wopusitsika. Mauthenga aja oti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi" amawaseka. Koma uyu ankadziwa dzina, dera, matenda ndi mankhwala. Anathamangira kwa ejenti ali njenjenje. Mtsikana wa pa kauntalayo ndi amene anatipulumutsa. Atamva nkhaniyo anati, "Bambo, tayesani kaye kuwaimbira eni akewo, mukapanda kuwapeza nditumiza." Foni inandipeza ndikudula chitenje cha kasitomala, wamoyo, ndikukangana za chenji.

Kuno timaseka nazo mowawidwa mtima, poti apolisi ndi nyuzipepala akhala akunena kuti mafoni ena achinyengo otere amaimbidwa ndi akaidi a m'ndende yaikulu ya konkuno ku Zomba. Wakubayo akhale mkati kapena kunja, chimene amasowa ndi mfundo zoona zokunyengerera nazo. Failo ya kuchipatala imamupatsa zonse pamodzi, ndi nambala ya munthu amene amakukonda kwambiri pamwamba pake. Si ife tokha: mu gulupu muja anthu ena anayamba kulemba kuti abale awo aimbiridwanso chimodzimodzi.

Nditapita pachipatalapo koyamba, mtsikana wa polandirira alendo anandiuza kuti nkhani ija inatha, anadilita kale. Sananene mwachipongwe, ankakhulupiriradi choncho. Ndinabwerera ndili ndi mkwiyo wosadziwa kolowera.

Amene ananditsegula maso ndi mwana wa achemwali anga, amene akuphunzira za malamulo ku Chanco. Anabwera kudzadya nsima Loweruka, ndipo nditamufotokozera anaika mbale pansi. "Anti, zimenezi si zongopepesana." Anandiuza kuti Malamulo Aakulu a dziko lino, gawo 21, amapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi. Kuonjezera apo pali lamulo latsopano, Data Protection Act ya 2024, limene linayamba kugwira ntchito mu June chaka chomwecho. Lamuloli limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofunika kusamalidwa mwapadera, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woliyang'anira ndi kulandira madandaulo. Amene akusunga mbiri za anthu, zikatayika kapena kuonedwa ndi osayenera, akuyenera kudziwitsa bungwelo pasanathe maola 72, komanso kuuza eni ake ngati zingawaike pa chiopsezo. Mwini mbiri ali ndi ufulu wofunsa kuti mukusunga chiyani za ine, ndi kupempha kuti zolakwika zikonzedwe. Pa za HIV palinso lamulo lake la 2018, loletsa kuulula za munthu popanda chilolezo chake kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulolo latchula, ndi loletsanso kumusala. Ndipo madokotala ndi zipatala zolipira ali pansi pa Medical Council of Malawi, anamwino pansi pa Nurses and Midwives Council of Malawi, komwe munthu angathe kukadandaula. M'zipatala zikuluzikulu za boma mumakhalanso ombudsman wa pachipatala pomwepo, wolandira madandaulo a odwala.

Anati tisayambe ndi kuopseza, tiyambe ndi kalata. Tinailemba pa tebulo pomwepo, ya tsamba limodzi, m'Chichewa. Tinalemba tsiku ndi nthawi imene failo inalowa mu gulupu, ndi zimene zinalimo zokhudza ine ndi mayi anga, osatchula za munthu wina aliyense. Tinafunsa kuti failoyo inafika bwanji pa foni imene inaitumiza, anthu a mu gulupu anali angati, ngati adziwitsa MACRA, ngati auza odwala ena amene sali mu gulupu koma mayina awo analimo, ndi zimene asinthe. Tinafotokozanso za foni yachinyengo ija. Ndinasindikiza makalata awiri, ina ndinapereka, inayo ndinapempha kuti andidindire ndi kulembapo deti. Chidindo chimenecho ndi chimene chinasintha nkhope za anthu. Kudandaula kwa pakamwa kumathera pa kauntala, pepala lodindidwa limakafika kwa mwini wake.

Adokotala eni chipatalacho anandiitana. Poyamba anati, "Amayi, madzi akatayika saoleka." Ndinawayankha kuti n'zoona adokotala, koma pali anthu amene mpaka lero sakudziwa kuti mayina awo akuyenda m'mafoni a anthu, ndipo abale awo ndi amene atumize ndalama mawa. Anavomera, ndipo ndiwayamikire kuti sanabise mmene zinayendera. Kompyuta ya pachipatalapo inalibe intaneti. Mwezi ukatha, kalaliki ankakopera kaundula yense pa foni yakeyake kuti atumize kwa abwana ndi kwa wowerengera ndalama kudzera pa WhatsApp, ndi bandulo yogula yekha. Gulupu ya ogwira ntchito ndi gulupu ya odwala zinali ndi mayina oyamba mofanana ndi chithunzi chimodzimodzi cha chipatalacho. Mnyamatayo anali atatopa, chala chinagunda yolakwika. Failoyo inalibe pasiwedi. Wowerengera ndalamayo, amene ankangofuna kudziwa za ngongole, ankalandira matenda a aliyense mwezi ndi mwezi.

Ena mu gulupu ankafuna kuti mnyamatayo achotsedwe ntchito basi. Ine sindinagwirizane nazo, ndipo mpaka pano sindigwirizana nazo. Analakwitsa, inde, koma njira imeneyo sanaiyambitse iye, anaipeza. Mukamuchotsa n'kulemba wina, n'kumusiyira foni yakeyake ndi failo yosatseka yomweyo, mwangosintha dzina la amene adzalire ulendo wina. Udindo ndi wa mwini chipatala.

Tikamamva za kubedwa kwa mbiri za anthu timaganiza za akatswiri a makompyuta a kutali, monga zija za mu February 2024, pamene Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina a mapasipoti alowereredwa ndi anthu amene ankafuna dipo. Zoterozo zilikodi. Koma ngakhale ku Singapore, dziko la makina apamwamba, boma litalengeza mu January 2019 kuti mbiri za anthu 14,200 okhala ndi HIV zaikidwa pa intaneti, gwero lake linali la pafupi: anazitulutsa anali chibwenzi cha dokotala amene anali ndi chilolezo cholowa mu kaundulayo. Kwathu kuno zambiri zimatuluka ndi manja a anthu wamba, amene ena mwa iwo sadziwa n'komwe kuti akuulula kanthu.

Chichitikireni zimenezi maso anga amaona zimene kale ndinkangodutsa. Tsiku lina pa depoti ndinagula chipisi, mnyamata n'kundikulungira m'pepala. Mafuta atalowerera, zilembo zinaonekera bwino: fomu ya ku labu, dzina la mayi wina, zaka 34, mudzi wake, ndi zotsatira za magazi zolembedwa ndi bolopeni ya buluu, tsabola atamatirira pa siginecha. Mnyamatayo anati mapepala amagula pa kilo kwa munthu wina, sawerenga. Ndimaonanso kaundula wosiyidwa chotsegula pa kauntala moyang'ana anthu a pa mzere, ndi wogwira ntchito wofuula pakhonde dzina la munthu pamodzi ndi chimene wabwerera.

Achipatala chathu anasintha zingapo. Gulupu ija anaitseka. Tsopano amatumiza uthenga pa broadcast, pamene aliyense amalandira payekha osaona anzake, kungoti uyenera kusunga nambala yawo m'foni mwako kuti uthengawo uzikufika. Anagula foni ya chipatala yokhala ndi loko, imene imagona mu ofesi. Wowerengera ndalama amalandira manambala a mafailo ndi ndalama zokha, popanda mayina ndi matenda. Anaimbiranso odwala mmodzimmodzi kuwauza zimene zinachitika ndi kuwachenjeza za mafoni achinyengo, ndipo ine anandiyankha ndi kalata. Zimenezi zinandikwanira, sindinapitirire nayo nkhaniyo, ngakhale njira ya ku MACRA ndi ku Medical Council inali yotsegula ndipo amene sakhutira ali ndi ufulu woitsata.

Kumbali yanga, pa fomu iliyonse ya kuchipatala ndimafunsa kuti nambala ya chitupa mukuifuniranji, ndipo ngati yankho silikumveka ndimapempha kuti angoona chitupacho osachijambula. Nambala ya foni ndimapereka ya foni imene ndimagwira ndekha. Amayi ambiri amalembetsa ya amuna awo kapena ya mwana, ndiye uthenga wokumbutsa mankhwala umawerengedwa ndi wina. Ukasiya kugwiritsa ntchito simu, kampani imadzaipereka kwa munthu wina pakapita nthawi, ndipo mauthenga ako a kuchipatala azipita kwa mlendo, choncho mayi anga atataya simu yawo ndinapita kukasinthitsa nambala mu failo mwawo sabata yomweyo. Buku la kuchipatala silichokanso m'manja mwathu. Kale tinkatuma wa kabaza nalo kukatitengera mankhwala, kapena kulisiya pa shopu ya fotokope n'kukagula ndiwo. Foni ikafuna kupita kokonzetsa ndimayamba ndachotsa memori khadi ndi zithunzi za zotsatira za ku labu. Amene muli pa ntchito yolembedwa, mukhoza kupempha adokotala kuti kalata yopita kwa abwana inene masiku opuma okha, matenda asatchulidwe.

Pa banja tinapangana chinthu chimodzi. Aliyense akaimbiridwa kuti wachibale wadwala mwadzidzidzi, adule foni, aimbire mwini wakeyo, akalephera aimbire wina wa pakhomopo, ndalama pambuyo. Woimba akati musawaimbire, ndiye kuti muwaimbiretu.

Nanga failo yotere ikakufikani inu, ya anthu ena? Musaitumize kwa wina, ngakhale ndi mtima woti anthu achenjere, chifukwa amene anaifalitsa yathu ambiri ankati akuchenjeza. Ngati mukufuna umboni, jambulani uthengawo mmene ukuonekera kunja, dzina la failo, nthawi ndi nambala yotumiza, osati zam'kati. Kenako ifufuteni, muyang'anenso kumene foni imasunga zinthu zodawunilodi, ndipo uzani achipatalacho tsiku lomwelo. Zimene mwawerenga kale simungazichotse m'mutu, koma pakamwa mungatseke, ngakhale kwa amuna anu kapena akazi anu.

Mayi a ku Mvano aja pachipatala chija sanabwererenso, ndipo sindinawakakamize. Chimene ndinachita n'kupita kukawatengera kalata ya transifa, atandilembera chilolezo, kuti akapitirize mankhwala kwina osayambiranso pachiyambi. Ma ARV m'zipatala za boma ndi aulere kuyambira 2004, ndipo munthu ali ndi ufulu wosankha kokatengera. Anasankha chipatala china cha kunja kwa tauni, njira ya ku Blantyre, kumene sadziwika. Namwino wa kumeneko anawalangiza za masabata amene anadumpha aja, anawayeza kuchuluka kwa kachilombo, ndipo zotsatira zitakhala bwino anayamba kuwapatsa mankhwala a miyezi ingapo nthawi imodzi. Amene akuyenda bwino amatha kulandira mpaka a miyezi 6, ndiye ndalama ya minibasi siwapweteka kwambiri. Mwana wawo wamkulu anamuuza okha asanamve kwa anthu, ndipo ndi amene amawaperekeza tsopano. Ku Mvano anabwerera, koma mkazi wa landilodi uja sayankhulana naye, ndipo akufunafuna nyumba ina cha ku Matawale.